Tulo tikubwera 2 koloko usiku: mlandu ndi wa foni kapena wa getsi?

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Abale, ndithandizeni maganizo. Uno ndi mwezi wachitatu tulo tisakubwera pa nthawi yake. Ndimalowa m'bulangete 10 koloko, kuzimitsa getsi, kenako n'kumangoyang'ana kudenga mpaka cha m'ma 2 koloko. Alamu ikalira 6 koloko mutu umakhala ngati wathiridwa mchenga. Koma Loweruka ndi Lamlungu, popanda wondidzutsa, ndimagona tulo tofa nato mpaka 10 koloko m'mawa. Ndiye tulo tilipo ndithu, kungoti tikubwera mochedwa. Mnzanga anati vuto ndi foni, ndinakagula magalasi achikasu aja amati amatchinga kuwala kwa buluu. Ndavala masabata atatu, palibe chasintha, kupatula kuti ana akundiseka kuti ndikuoneka ngati wowotcherera zitsulo. Kodi nkhani ya kuwalayi ndi yoona kapena ndi malonda chabe? Ngati ndi yoona, munthu angayeze bwanji?

Mlonda77: Kkkk wowotcherera zitsulo. Achimwene ingosiyani khofi madzulo basi.

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Khofi ndinasiya kalekale, achimwene.

Mayi_Namwino: Musanaimbe foni mlandu, ndifunse kaye. Masana mumakhala pati? Kuyambira podzuka mpaka dzuwa kulowa, ndi mphindi zingati zimene mumakhala panja penipeni, thambo lili pamutu panu?

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Mmm, limenelo sindinaliganizirepo. Ndimatuluka m'nyumba n'kulowa m'galimoto, kutsika n'kulowa mu ofesi. Tebulo langa lili pakona, kutali ndi zenera. Nkhomaliro ndimadyera pomwepo. Poweruka kumakhala kukuda. Mwina mphindi 10 tsiku lonse.

Mayi_Namwino: Ndiye pagona nkhani pamenepo, bambo. Ine ndagwira mashifiti a usiku zaka zambiri, za tulo ndinayamba kuziphunzira ndi thupi langa ndisanaziwerenge m'mabuku. M'kati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso awiri imapingasana, pali kachigawo kakang'ono ngati kanjere, ka maselo pafupifupi 20,000. Akatswiri amakatchula SCN. Kameneka ndiye wotchi yaikulu ya thupi. Kamalamula nthawi yoti thupi litenthe ndi yoti lizizire, komanso nthawi yotulutsa homoni ya melatonin, imene imalengeza m'thupi monse kuti kunja kwada. Koma kachigawoka kali mumdima wa m'chigaza, sikaona kunja, kamadalira uthenga wochokera m'maso. Inuyo masana mukukapatsa kuwala kofooka, usiku mukukapatsanso kuwala kofanana nako kwa mababu a m'nyumba. Kadziwa bwanji kuti usana watha?

Mphunzitsi_wa_Sayansi: Ndiwonjezereko pa zimene anena amayiwa. Wotchi imeneyi siyenda maola 24 ndendende. Mu 1962 mnyamata wina wa ku France, Michel Siffre, anakhala miyezi iwiri m'phanga pansi pa nthaka, wopanda wotchi, wosaona dzuwa. Ankagona tulo tikamugwira, kudya njala ikamupweteka. Anzake pamwamba ankalemba nthawi imene wagona ndi imene wadzuka, n'kupeza kuti tsiku lake linkatalika kupitirira maola 24 pang'ono. Pomuuza kuti nthawi yakwana atuluke, iye ankaganiza kuti kwatsala masabata angapo. Muyeso wodalirika unabwera mu 1999, pamene gulu la wofufuza Charles Czeisler ku yunivesite ya Harvard ku America linapeza kuti pa avereji wotchi ya munthu imazungulira maola 24 ndi mphindi 11. Mphindi 11 zikuoneka ngati zachibwana, koma ziwonkhetseni sabata imodzi, ndi ola ndi mphindi 17. Chimene chimabweza wotchiyo pamalo pake tsiku lililonse ndi kuwala kwa m'mawa. Ndipo 11 ndi avereji chabe, alipo ena yawo imatalika kuposa pamenepo. Amenewo ndiye akadzidzi enieni, akangosowa dzuwa la m'mawa amatsetsereka msanga.

Tomasi_Wokayika: Zonsezi zikumveka bwino, koma ine mu ofesi ndimaona bwinobwino, ngakhale tizilembo ting'onoting'ono ndimawerenga popanda kutsinzinira. Mukati kuwala kofooka mukutanthauza chiyani? Diso likamaona ndiye kuti kuwala kwakwana, si choncho?

Wamagetsi: A Tomasi, apa ndi pamene tonse timapusitsika. Diso ndi kathyali. Limazolowera chilichonse mwamsanga moti sungadziwe kusiyana kwake pokhapokha utayeza. Ife pa ntchito timayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa lux. Kandulo imodzi, ukaima mita imodzi kuchokera pomwe ili, ndi pafupifupi lux 1. Mwezi wathunthu, umene timati wawala ngati masana, sufika n'komwe lux 1. Chipinda chochezera usiku chimakhala pakati pa 50 ndi 200. Ofesi yoikidwa magetsi bwino, pa tebulo pamakhala 300 mpaka 500. Tsopano tulukani panja. Tsiku la mitambo, loti aliyense akudandaula kuti kwachita mdima, mumapeza 1,000 kupita m'mwamba, nthawi zambiri masauzande angapo. Dzuwa likaswa mtengo limafika 100,000. Ndiye mukaima pakhomo la ofesi, mwendo wina m'kati wina panja, kusiyana kwake kumatha kukhala maulendo 100, koma diso limangoti kwawalirako pang'ono.

Kuyeza n'kosavuta. Mafoni ambiri ali ndi kadiso pafupi ndi kamera ya kutsogolo, kamene kamachititsa sikirini kuwala kapena kuzirala yokha. Koperani pulogalamu yoyezera lux, zilipo zaulere. Sizilondola ngati mita yeniyeni, zimatha kuphonya ndithu, koma kusiyanitsa 100 ndi 10,000 sizilephera. Chofunika kwambiri ndi kagwiridwe. Musaigoneke pa tebulo kuyang'anitsa kudenga, monga timachitira ife poyeza ngati malo akuwala mokwanira kugwirirapo ntchito. Iimikeni pafupi ndi diso lanu, kadisoko kayang'ane kumene inu mukuyang'ana. Wotchi ya m'thupi siwerengera kuwala kogwera pa tebulo, imawerengera kolowa m'diso.

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Ndayeza lero, ndipo ndachita manyazi. Pa tebulo langa, foni itagona, 310. Nditaiimika pa diso kuyang'ana kompyuta, 140. Pa zenera la m'khonde lopitira kuchimbudzi, 900. Panja pa malo oimikapo magalimoto, kuli mitambo, 9,000 ndi kanthu. Usiku pabalaza panga 120. Kubafa, kumene ndimatsukira mano ndisanagone, 380, chifukwa ndinaikako babu loyera mbee kuti ndiziona bwino pometa ndevu.

Mayi_Namwino: Mwaona? Usana wanu ndi 140, usiku wanu ndi 120, ndipo malo owala kwambiri amene maso anu amakumana nawo m'nyumba tsiku lonse ndi kubafa, 10 koloko usiku.

Mlonda77: Thupi likuganiza kuti kwacha nthawi yotsuka mano kkkk

Mphunzitsi_wa_Sayansi: Pali chinanso choti a Wamagetsi atithandize. Lux anaipanga motsatira mmene diso limaonera, ndipo diso limaona kwambiri kuwala kobiriwira kopita kuchikasu, kwa mafunde a nanomita 555 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala, kumene kumasiyanitsa mitundu yake). Koma wotchi ya m'thupi sidalira kwenikweni maselo oonera. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankaphunzitsidwa kuti kuseri kwa diso kuli mitundu iwiri yokha ya maselo omva kuwala, ena oonera mumdima, ena oonera mitundu ya zinthu. Mu 1998 Ignacio Provencio anapeza puloteni yomva kuwala m'khungu la chule, n'kuitcha melanopsin. Pasanapite nthawi inapezekanso m'diso la munthu. Mu 2002 David Berson ndi anzake anaonetsa kuti maselo ochepa okhala ndi melanopsin amamva kuwala paokha ndipo mitsempha yawo imapita mwachindunji ku SCN ija. Maselo amenewa sajambula chithunzi, ntchito yawo ndi kungoyeza kuti kunja kwawala motani. Amachedwa kudzidzimuka, koma akayamba kutumiza uthenga satopa msanga. Ndipo amamva kwambiri kuwala kwa buluu ngati kwa thambo, cha pa nanomita 480. Ndiye mababu awiri akhoza kupereka lux yofanana, koma loyera mbee n'kugwedeza wotchi kuposa lofiirira.

Wamagetsi: Mwalasa aphunzitsi. Bungwe loona za miyeso ya kuwala pa dziko lonse, CIE, linatulutsa muyeso wina mu 2018 wotchedwa melanopic EDI. Umayankha funso lakuti, kuwala uku kukufanana ndi lux zingati za kuwala kwa masana kwa maselo a melanopsin aja? Kuti muuyeze molondola pamafunika chipangizo chogawa kuwala m'mitundu yake, foni singathe. Koma mukhoza kuyerekeza. Yang'anani pa bokosi la babu, pamalembedwa nambala yothera ndi K. Ya 2700K ndi yofiirira ngati mababu akale aja, pamenepo tengani lux mwayeza ija muigawe pawiri, mwayandikira. Ya 6500K ndi yoyera mbee, imeneyo chotsanipo pang'ono chabe. Panja masana nambala ziwirizi zimangofanana.

Mu 2022 gulu la akatswiri a za tulo ndi kuwala linagwirizana pa manambala atatu a muyeso umenewu, oyezera pa diso: masana asachepere 250, maola atatu musanagone asapitirire 10, ndipo pogona asapitirire 1. A Kadzidzi, inu masana simukufika, usiku mukupitirira kangapo konse.

Tomasi_Wokayika: Chabwino, ndavomera za ofesi. Nanga foni bwanji? Paliponse tikumva kuti foni ndiyo ikutilanda tulo. Tsopano mukuti ilibe mlandu?

Mphunzitsi_wa_Sayansi: Mlandu ili nawo, koma anthu amaukuza. Kafukufuku amene ambiri amamutchula ndi wa 2015, wa ku Harvard komweko. Anthu 12 ankawerenga pa iPad yowalitsidwa mpaka pamapeto, maola anayi asanagone, masiku asanu otsatizana. Melatonin inachedwa ndi ola ndi theka, zimenezo n'zoona. Koma nthawi yoti tulo tiwagwire inangotalika ndi mphindi pafupifupi 10. Komanso anthuwo ankakhala m'chipinda cha labotale tsiku lonse, osaona dzuwa. Maso amene akhala mumdima masana amamva kwambiri kuwala kwa usiku, pamene amene aona dzuwa lokwanira sagwedezeka msanga. Ine maganizo anga ndi akuti chimene chimatisowetsa tulo pa foni, gawo lalikulu ndi zimene tikuwerengazo. Munthu ukukangana ndi anthu pa gulu ngati lino 11 koloko usiku, mtima uli m'mwamba, ungagone? Ngakhale sikirini itakhala yofiira ngati moto.

Wamagetsi: Ndipo mukayeza mudzaona kuti foni yozirala, ili kutali ndi nkhope ngati mkono umodzi, imapereka kuwala kochepa poyerekeza ndi babu la kudenga. Mukaiyandikizitsa pamphuno ndiye zimasintha, chifukwa mtunda ukachepa ndi theka kuwala kumachuluka pafupifupi kanayi. Anthu amavala magalasi achikasu chifukwa cha foni, getsi la 6500K likuyaka pamutu pawo, kuwala n'kumalowa m'mbali mwa magalasiwo.

Mayi_wa_atatu: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhulepo. Amuna anga amaonera TV mpaka 11 koloko, magetsi onse akuyaka, akangofika pabedi mkonono. Ine chipinda chomwecho, getsi lomwelo, maso gwa mpaka pakati pa usiku. Ndiye manambala anuwa akugwira ntchito kwa ine ndekha?

Mayi_Namwino: Achemwali, simuli nokha. Ofufuza a ku yunivesite ya Monash ku Australia anayesa zimenezi mu 2019. Ankaika anthu pa kuwala kosiyanasiyana madzulo n'kumayeza melatonin. Pa gulu lonse, kuwala kosafika lux 30 kunali kokwanira kutsitsa melatonin ndi theka. Koma wina ankafika pamenepo ndi lux 6 zokha, pamene wina ankafunika 350. Kusiyana kopitirira maulendo 50, anthu athanzi okhaokha. Ndiye n'kutheka kuti bambo akunyumbawo ndi a gulu losamva, inu ndinu a gulu lomva msanga. Msinkhu umalowereranso. Munthu akamakula, galasi la m'diso limayamba kuchita chikasu n'kumatchinga buluu, ndiye agogo amafunika kuwala kochuluka masana, pamene maso a mwana amalowetsa kuwala kwambiri usiku.

Mayi_wa_atatu: Ndiwaonetsa uthenga uwu. Zaka zonsezi akhala akunena kuti ndimangoganiza kwambiri.

Mwana_wa_Sukulu: Pepani akuluakulu, funso la mwana. Nanga anthu osaona, wotchi yawo imayenda bwanji? Komanso ndinamva kuti kuwala kumalowa ndi pakhungu pomwe.

Mphunzitsi_wa_Sayansi: Funso labwino mwana wanga. Ambiri mwa anthu amene saona ngakhale kuwala komwe, wotchi yawo imangoyenda payokha. Tsiku lililonse imachedwerako pang'ono, moti pamakhala masabata amene amagona bwino usiku, kenako masabata amene tulo timawagwira masana, n'kuzunguliranso. Koma mu 1995 Czeisler yemwe uja anapeza anthu ena osaona konse amene melatonin yawo inkatsika akawaunikira m'maso. Nthawi imeneyo zinali zozunguza mutu, chifukwa melanopsin inali isanadziwike. Za khungu, mu 1998 kunatuluka kafukufuku wonena kuti kuunikira kuseri kwa bondo kumasuntha wotchi ya m'thupi, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Mu 2002 Kenneth Wright ndi Czeisler anabwereza mosamala, maso a anthuwo atatchingidwa bwino, osapeza kanthu. Khomo ndi diso basi.

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Kuwala ndayeza. Nanga wotchi yeniyeniyo, ndingadziwe bwanji kuti ili pa nthawi yanji? Ndikufuna ndiyambe kudzuka 4 koloko n'kuyatsa magetsi onse kuti ndiikoke.

Mayi_Namwino: Ayi ayi bambo, musatero, mudzaononga zinthu. Kuwala kumakoka wotchi mbali ziwiri, malinga ndi nthawi. Usiku uliwonse thupi limazizira mpaka kufika pansi penipeni, maola awiri kapena atatu munthu asanadzuke yekha popanda alamu. Kuwala kobwera isanafike nthawi imeneyo kumachedwetsa wotchi, thupi limati dzuwa silinalowebe. Kobwera itadutsa kumaifulumizitsa, thupi limati kwacha kale. Inuyo mukadzuka nokha mumadzuka 10 koloko. Ngakhale titachotsapo tulo tobweza ngongole ya m'kati mwa sabata, kuzizira kwanu kuyenera kuti kukufika cha m'ma 6 kapena 7 koloko. Ndiye magetsi a 4 koloko kwa thupi lanu ndi a pakati pa usiku, adzakukankhirani kutsogolo m'malo mokubwezani.

Ku labotale amayeza ndi malovu. Amakukhazika m'chipinda cha kamdima kuyambira madzulo, mphindi 30 zilizonse kapena ola lililonse ukutafuna kathonje, kenako amayeza kuti melatonin yayamba kukwera nthawi yanji. Kwa ambiri imayamba maola awiri kapena atatu nthawi yawo yogona isanakwane. Pamafunika kamdima chifukwa getsi wamba limaitsitsa, muyeso n'kusokonekera. Palinso tizipangizo tovala pamkono ngati wotchi, tolemba kugwedezeka kwa thupi ndi kuwala kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ngakhale kuti ta pamkono timaphimbika ndi malaya ndipo sitiyang'ana kumene diso likuyang'ana. Kunyumba, kope ndi cholembera n'zokwanira. Lembani nthawi yogona ndi yodzuka kwa masabata awiri, kenako pezani pakati pa tulo tanu pa masiku opanda alamu. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi wofufuza Till Roenneberg wa ku Munich ku Germany. Inuyo kuyambira 2 mpaka 10, pakati pake ndi 6 koloko m'mawa. Mukamayesa zosintha, nambala imeneyo ndiyo muziiyang'anira ngati ikubwerera m'mbuyo.

Mlonda77: Tsopano ndasiya nthabwala. Ine ndimaweruka 6 koloko m'mawa, dzuwa likutuluka kumene, ndimayenda nalo m'maso mpaka kunyumba. Ndikafika tulo tonse tabalalika. Ndiye kuti ndi zomwezi?

Mayi_Namwino: Ndi zomwezo achimwene, kungoti inu zanu n'zotembenuza. Dzuwa limene lingachiritse a Kadzidzi ndi limene likukulandani inu tulo. Ine ndikatuluka shifiti ya usiku ndimavala magalasi akuda kuyambira pakhomo mpaka kunyumba, kuchipinda ndinaika makatani ochindikala, ndipo m'mbali momwe mumalowa kamzere ka dzuwa ndinamatamo nsalu. Anthu amandiyang'ana modabwa, mayi wamkulu magalasi akuda 7 koloko m'mawa, koma ndimagona. Ngati mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto muli ndi tulo, apo samalani, magalasi akuda akhoza kukuwodzeretsani pamsewu.

Tomasi_Wokayika: Koma zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti wotchi ibwerere? Kapena ndi zoti munthu apirire chaka?

Mphunzitsi_wa_Sayansi: Sizifika kumeneko. Kenneth Wright uja mu 2013 anatenga anthu 8 kukagona nawo m'matenti m'mapiri a Rocky ku Colorado sabata imodzi, opanda tochi kapena foni, kuwala kwawo dzuwa ndi moto basi. Pobwerera, melatonin yawo inkayamba kukwera pafupifupi maola awiri msanga kuposa kale, ndipo amene anasintha kwambiri anali akadzidzi. Masana ankalandira kuwala kochuluka kanayi kuposa kwa masiku onse. Gulu linali laling'ono, koma likusonyeza kukula kwa mphamvu yake. Kunyumba sizithamanga choncho, chifukwa simungazimitse dziko lonse.

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Ndabweranso patatha masabata atatu, kope lili m'manja. Galimoto ndikumaisiya patali n'kuyenda mphindi 20 cha m'ma 7:30. Nkhomaliro ndikudyera panja pamthunzi, ndinayezapo 6,000. Tebulo anakana kundisunthira pa zenera, akuti mawaya safika, ndiye ndangolitembenuza kuti ndiziyang'ana kumene kuli zenerako, zachoka pa 140 kufika 260. Babu la kubafa ndasintha, ndaika la 2700K lochepa mphamvu, ndevu ndikumeta m'mawa. Pabalaza ikakwana 8 koloko ndikuzimitsa la kudenga n'kuyatsa kanyale ka pakona, pa diso pakufika 15. Loweruka ndikudzikakamiza kudzuka 8 koloko, ndipo limeneli ndiye gawo lowawa. Sabata yoyamba palibe chinachitika, ndinatsala pang'ono kubwera kuno kudzakunenani. Panopa tulo tikubwera cha m'ma 11:30, tsiku lina 12. Sitinafike pa 10 koloko, koma denga lija ndasiya kuliwerenga.

Mayi_Namwino: Pitirizani, ndipo Loweruka musalekerere, ndi pamene ambiri amagwera. Zikaima pamenepo kwa miyezi, kapena mukamawodzera masana ngakhale mwagona mokwanira, kaonaneni ndi dokotala, pali matenda ena a tulo osakhudzana ndi kuwala.

Tomasi_Wokayika: Inenso ndayeza pa tebulo langa. 95. Sindinena zambiri.

Mlonda77: A Kadzidzi, magalasi achikasu aja mukuwagwiritsabe ntchito? Ngati ayi ndibwerekeni ndiyese poweruka, akuda ndilibe.

Kadzidzi_wa_mu_ofesi: Ana anawatenga kalekale, akuseweretsa. Mwendo umodzi unathyoka.